Mwana wa Nang'omba wa mu Mkuyu

Maclean Chidzanja anagwira usilikali wa pamadzi ku Monkey Bay zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Kwawo kunali ku Dedza, koma atapuma pantchito sanabwerereko. Anali atamanga nyumba kwa Mponda, mkazi wake Rose ankaphunzitsabe pasukulu ina ya pulayimale m'tauni ya Mangochi, ndipo thupi lake linali litazolowera kutentha moti akapita kumudzi ankabwerako ndi chifuwa. Anthu a m'deralo ankangomutchula kuti a Sajeni.

Za mbalame anaziyamba akadali pantchito. Paboti yolondera nyanja munthu amatha tsiku lonse magalasi oonera kutali ali m'khosi, ndipo masiku ambiri choona chimasowa kupatula mabwato a asodzi. Maclean anayamba kuwerenga nkhwazi za m'mphepete mwa nyanja kuti nthawi ipite. Kenaka anayamba kusiyanitsa mbalame zina n'kumazilemba m'kabuku. Atapuma, mwana wake Stacey, yemwe ankagwira ntchito ku Lilongwe, anamugulira kamera yogwirapo kale ntchito, ya lenzi yaitali ngati mkono, namulowetsa m'gulu la pa Fesibuku la anthu okonda kujambula mbalame. Ambiri m'gululo anali a ku Blantyre ndi ku Lilongwe, anthu a magalimoto awo ndi makamera apamwamba. Maclean ankaikamo zithunzi za akakowa ndi anantchengwa a mu Shire. Anthu awiri kapena atatu ankayamikira, zikatero basi.

Malo omwe ankawakonda kwambiri anali nkhalango yotetezedwa ya m'mapiri a kum'mawa, pamsewu wopita ku Chiponde. Kawiri pasabata ankalawirira pa njinga yake yamoto, kuwoloka mlatho, n'kukwera zitunda zokhotakhota mpaka pakanyumba ka alonda. Pamenepo ankalembetsa dzina kwa Simioni, mlonda wa nkhalango wochokera ku Ntchisi, n'kulowa wapansi m'mitengo ya mombo ndi misuku.

M'nyengo ya mvula sankakhala yekha m'nkhalangomo. Amayi a m'midzi yozungulira anali ndi chilolezo chozulamo bowa, ndipo ankagulitsa m'mbali mwa msewu. Mmodzi mwa iwo anali Ajira, mayi wamasiye wa zaka zofanana ndi zake, yemwe ankalera zidzukulu ziwiri. Ajira sankayenda pagulu. Ankalowa yekha, n'kutuluka beseni litadzaza utale ndi manyame pomwe anzake ali ndi theka. Tsiku lina kumapeto kwa Disembala Maclean anamupeza atakhala pambali pa njira, phazi litatupa chifukwa cha chitsa chomwe chinamubaya. Anamangirira beseni lake kumbuyo kwa njinga, namunyamula mpaka kumudzi. Kuyambira pamenepo ankapatsana moni wautali akakumana.

Sabata yoyamba ya Januwale Ajira anamupeza atagona chafufumimba m'udzu wonyowa, akulondola kambalame kakang'ono ngati chala chachikulu. Anaima n'kumuonerera kwa kanthawi. Kambalame kataulukira kwina, anamufunsa chifukwa chake munthu wamkulu ankadzivuta ndi tinthu totere pomwe m'nkhalangomo munali mbalame zazikulu kuposa nkhukundembo. Anatchula dzina la imodzi mwa izo m'Chiyao, Maclean osalimva. Ndiye Ajira anatseka pakamwa n'kutulutsa mawu akuya a m'mero, ngati ng'oma yomveka kutali.

"Nang'omba?" anafunsa Maclean, akudzuka.

"Yemweyo. Ali ndi mwana mu mphako."

Maclean anali ataonapo nang'omba kamodzi kokha, ali mnyamata, kudambo la kwawo. M'gulu la pa Fesibuku anthu ankadandaula kuti mbalameyi ikutha m'Malawi muno, ndipo panalibe yemwe anali atajambulapo chisa chake. Anapempha Ajira kuti amulondolere. Mayiyo sanavomere msanga. Anafotokoza kuti pafupi ndi mtengowo ndi pomwe pankamera bowa wake wabwino, ndipo kwa zaka zisanu ndi ziwiri sanaonetsepo munthu, ngakhale mng'ono wake. Anatinso pali anthu ena omwe amasaka mutu wa mbalameyi kuti akapangire mankhwala.

"Ndikuonetsani chifukwa munandithandiza, a Sajeni," anatero. "Koma malowa akhale a m'mimba mwanu."

Maclean analonjeza.

Anayenda pafupifupi ola. Anawoloka timitsinje tiwiri, natsikira kumene nkhalango inkathera padambo laling'ono. Pamenepo panali mkuyu waukulu wokalamba, ndipo pamwamba, pomwe thunthu linagawikana, panali mphako yobisika ndi nthambi ya masamba ambiri. Ajira anamukhazika kuseri kwa chulu, patali ndithu ndi mtengowo, namuuza kuti asadzuke. Iye anapita kukazula bowa wake.

Maclean anadikira mpaka dzuwa litakwera. Kenaka anawaona akutuluka m'udzu, anang'omba anayi, akuda bii, akuyenda mwapang'onopang'ono ngati anthu oyendera munda. Kumaso ndi pakhosi pawo panali pofiira, ndipo mmodzi, yemwe anali mayi wa mwanayo, anali ndi kabuluu pakati pa kufiirako. Wamkulu kwambiri anali atanyamula njoka kukamwa. Anayang'ana uku ndi uku, natambasula mapiko, nsonga zake zoyera zikuonekera, n'kukatera pakhomo pa mphako. M'katimo munatuluka mlomo wotuwa, uli yasa. Maclean anajambula mpaka chala chinachita dzanzi.

Atafika kunyumba anaonetsa zithunzizo kwa Rose, yemwe anati mbalameyo inali ndi nsidze ngati mkazi wopita ku ukwati. Chithunzi chimodzi chinatuluka bwino koposa zonse zomwe anajambulapo: njoka ikulendewera, mlomo wa mwana uli m'munsi, kuwala kukudutsa m'masamba. Anachiika m'gulu muja madzulo omwewo. Pofika m'mawa anthu oposa mazana atatu anali atachikonda. Anthu omwe sanamuyankhepo n'kamodzi komwe ankamutchula dzina. Mmodzi wa iwo, Allan, wojambula wodziwika wa ku Blantyre, analemba poyera kuti chinali chithunzi cha chaka, nafunsa komwe chinajambulidwa.

Maclean anakumbukira lonjezo lake. Koma anadziuza kuti Ajira ankaopa amayi anzake ozula bowa ndi anthu a mankhwala, osati anthu ophunzira a m'tauni omwe amakonda mbalame. Analemba dzina la nkhalango. Allan atafunsanso, anawonjezera za kanyumba ka alonda, timitsinje tiwiri, dambo ndi mkuyu. Analemba pamalo pomwe aliyense m'gululo akanatha kuwerenga.

Patapita masiku awiri kunabwera uthenga woti malume ake amwalira ku Dedza. Maliro ndi zokambirana za pabanja zinamutengera masiku khumi ndi awiri, ndipo kumudziko foni sinkagwira bwino.

Tsiku lomwe anabwerera kunkhalango, Simioni sanamupatse buku lolembetsa. Anamuuza kuti chigawo chonse cha kudambo chatsekedwa, ndipo palibe wololedwa kulowako. Anafotokoza kuti Loweruka loyamba kunabwera magalimoto atatu. Anthuwo analembetsa bwinobwino, koma Lamlungu kunabwera ena, ndipo akabaza a pamsewu atazindikira kuti alendo akufuna mtengo umodzi, anapeza njira yachidule yodzera kuseri kwa phiri, yosadutsa pakanyumba ka alonda. Anayamba kunyamula anthu mpaka pansi pa mkuyu penipeni. Simioni anali ndi mnzake mmodzi yekha wolondera naye nkhalango yonseyo, ndipo pomwe ankazindikira zinthu zinali zitaonongeka kale.

Maclean anapempha kuti akaone. Simioni anamuperekeza. Njira yomwe kale inali kamzere ka mapazi a munthu mmodzi inali itasanduka msewu wa matayala. Pansi pa mkuyu udzu unali utaponderezedwa, mabotolo apulasitiki ali mbwee. Pamtengo panatsamira makwerero a mitengo yaiwisi omangidwa ndi luzi. Nthambi ija yomwe inkabisa mphako inali pansi, masamba atafota. Wina anaidula ndi chikwanje kuti khomo lizioneka bwino pa chithunzi. Pamalo pomwe Ajira ankazula bowa panali matope okhaokha a mapazi ndi matayala.

Simioni anati mwanayo anali akadali moyo dzulo lake, chifukwa anamumva akulira, koma akuluakulu aja anali asanaoneke kwa masiku awiri. Anangoti alendo onse ankaonetsa chithunzi chimodzimodzi pafoni.

Maclean anakamupeza Ajira pamsewu, pamalo pomwe amayi ankagulitsira bowa. Panali mabeseni awiri okha, a anthu omwe anakazula kutchire la kumudzi. Ajira anali atakhala pamwala opanda beseni. Maclean anazimitsa njinga, nampatsa moni. Mayiyo anayankha moniwo mokwanira, nafunsanso za kumaliro, popeza anali atamva.

"Che Ajira, ndine ndinaulula malo aja," anatero Maclean. "Ndinalemba pafoni."

"Ndikudziwa. Wakabaza wina anandionetsa. Anati ndimulondolere njira ina yabwino."

"Ndinaganiza kuti anthu ake ndi osamala."

"Ine sindinakuuzeni kuti muuze osamala. Ndinati musauze munthu."

Sanakweze mawu. Anamuuza kuti tsopano amayi onse aletsedwa kulowa mbali imeneyo, ndipo anzake akumunena kuti ndiye anabweretsa mlendo wa kamera. Januwale ndi Febuluwale ndiyo miyezi yomwe chimanga chimakhala chitatha m'nyumba, ndipo bowa ndi yemwe ankadyetsa zidzukulu zake mpaka zam'munda zitacha. Maclean anapisa dzanja m'thumba. Ajira anapukusa mutu asanatulutse kanthu, nati sanakhale pamwalapo kuti apemphe.

Usiku umenewo Maclean anafotokozera mkazi wake zomwe zinachitika. Rose, atamva nkhani yonse, anamuuza kuti kupepesa wapepesa, koma mayiyo ndi mbalamezo sizidya kupepesa. Maclean anafufuta zomwe analemba m'gulu muja, ngakhale ankadziwa kuti anthu anali atazikopera kale. Analembamo uthenga wina wofotokoza zomwe zachitika ndi kuti malowo atsekedwa. Oyankha anali ochepa.

M'mawa mwake anapita kukaonana ndi mkulu woyang'anira nkhalangoyo, mayi wina dzina lake Malita, yemwe ofesi yake inali chipinda chimodzi chokhala ndi mapu akale pakhoma. Maclean anaima ngati ali pamaso pa mkulu wa asilikali, nanena zonse mwadongosolo, osasiyako. Malita anamumvetsera mpaka kumapeto. Anamufotokozera kuti anang'omba saswa chaka chilichonse. Banja limodzi limatha zaka zingapo lisanalere mwana mmodzi, ndipo mwanayo amakhala mu mphako pafupifupi miyezi itatu. Uyu anali atatsala ndi masabata asanu kapena asanu ndi limodzi. Akuluakulu akapanda kubwerera, afa ndi njala.

Maclean anapempha zinthu ziwiri. Choyamba, kuti amulole kukhala panjira yachidule ija tsiku lililonse n'kumabweza anthu. Chachiwiri, kuti amayi ozula bowa aloledwe kulowanso, chifukwa iwo anayenda m'nkhalangomo zaka zambiri mbalame osathawa.

Pa choyambacho Malita anavomera, koma anamuchenjeza kuti alibe mphamvu yogwira munthu. Ntchito yake ikhala kuuza anthu kuti malo ndi otseka, ndipo akakana, kuimbira Simioni. Pa chachiwiricho anati ayambe aona. Mbalame zikabwerera n'kumadyetsa mwana kwa sabata yathunthu, amayi adzaloledwa, koma osawoloka kamtsinje kachiwiri. Maclean anati bowa wa Ajira ali kutsidya kwa kamtsinjeko. Malita anati akudziwa, koma sangaike lamulo la munthu mmodzi.

Masana a tsiku lomwelo, nthawi yomwe mbalame zimakhala kutali, Maclean ndi Simioni anakachotsa makwerero ndi kutola mabotolo. Maclean anafuna kumanga kadenga ka udzu pamwamba pa mphako m'malo mwa nthambi yodulidwa ija, koma Malita anali atakaniza. Anati chinthu chachilendo pamtengo chingathamangitse mbalamezo kotheratu.

Maclean anasankha mwala waukulu pomwe njira yachidule inkayamba kutsika phiri. Atakhala pamenepo ankatseka njira, ndipo ndi magalasi ake ankatha kuona mkuyu uli patali m'munsi. Ankafika dzuwa lisanatuluke, atanyamula botolo la tiyi, mbatata yophika ndi jasi lake lakale la mvula, n'kuchoka dzuwa litapendeka. Kamera ankaisiya m'chikwama.

Tsiku loyamba sanaone nang'omba aliyense. Lachiwiri anamva kulira kwawo m'mamawa, kutali kuseri kwa dambo, koma sanafike. Lachitatu, cha m'ma 9 koloko, wamkulu uja anatulukira yekha. Anazungulira mtengo kawiri wapansi, nabwerera m'udzu, natulukanso. Patatha pafupifupi theka la ola anaulukira pamphako ndi buluzi kukamwa. Maclean analemba nthawi m'kabuku kake. Tsiku limenelo mwana anadya kamodzi. Tsiku lotsatira anadya katatu.

Akabaza sanavute kwambiri. Ambiri ankamudziwa, ndipo ataona kuti pamwalapo pamakhala munthu tsiku ndi tsiku, anasiya kulonjeza alendo. Tsiku lina kunabwera bambo wina wapansi, wopanda kamera, atanyamula thumba ndi legeni yaikulu. Anati akufuna mbuzi yake yosochera. Maclean anamuuza kuti mbuzi sinadutsepo, natulutsa foni. Bamboyo anabwerera osatsanzika.

Loweruka lachiwiri kunabwera Allan. Anatsika panjinga ya kabaza ndi zikwama ziwiri, munthu wa ulemu wake, wa imvi za m'mbali. Anamuzindikira Maclean, namugwira chanza ndi manja awiri, nayamikiranso chithunzi chija. Anati anabwerako kale kamodzi koma kuwala kunali koipa. Nthambi sanadule ndi iye, ndipo anakhumudwa atamva. Lero ankangofuna ola limodzi. Anali ndi kasipika koimbira kulira kwa nang'omba kuti mbalame zibwere msanga, ajambule, azipita.

Maclean anamuuza kuti malo ndi otseka.

"Ndachokera ku Blantyre, bambo Chidzanja. Ndanyamuka 3 koloko."

"Pepani. Ndi otseka kwa aliyense."

"Koma njira munatiuza ndinu. Inu chithunzi muli nacho kale, ndiye mwati ena asajambule?"

Maclean anayankha kuti n'zoona, njira anawauza ndi iye, ndipo n'chifukwa chake wakhala pamwalapo. Anamupatsa magalasi ake kuti aonere pomwepo ngati akufuna. Allan anati pamtunda wotere palibe lenzi yomwe ingagwire kanthu. Anaima kwa kanthawi akuyang'ana njira yotsikira kudambo, ngati akuyeza ngati angadutse. Maclean sanasunthe. Wakabaza, yemwe ankamvetsera zonse, analiza njinga yake nati iye sakufuna milandu ndi a zankhalango. Allan anakwera. Madzulo ake analemba m'gulu muja kuti anthu ena akapeza mwayi amatsekera anzawo chitseko. Ena anamuvomereza, ena anamutsutsa.

Sabata itakwana mbalame zikudyetsa mwana tsiku lililonse, Malita anatsegulira amayi mpaka pakamtsinje kachiwiri. Ajira anayambanso kulowa, koma tsopano ankazula limodzi ndi anzake pamalo omwe aliyense ankawadziwa, ndipo beseni lake silinkadzaza. Pobwerera nthawi zina ankadzera pamwala paja chifukwa inali njira yaifupi yopita kumudzi kwake. Ankapereka moni n'kupitirira.

Chapakati pa Febuluwale kunagwa mvula ya masiku atatu osakata. Mphepo inkawomba kuchokera kudambo, kulunjika pakhomo pa mphako pomwe panalibenso chotchinga. Maclean ankakhala pamwalapo jasi lili chonyowa, magalasi akuchita nthunzi. Kwa masiku awiri sanaone mbalame ikutera pamtengo, ndipo mlomo wotuwa uja sunaonekere. Tsiku lachitatu anaimbira Simioni namuuza kuti akuganiza kuti mwana wafa ndi kuzizira. Simioni anati adikire mvula ikate.

Masana ake Ajira anadutsa, atafunda pepala lapulasitiki kumutu. Anapereka moni, napitirira masitepe angapo, kenaka anaima.

"Mukuyang'ana kolakwika," anatero osatembenuka kwenikweni. "Masiku ano akumadzera kuseri kwa mtengo. Pali kabowo kena kumbuyo. Ndimawaona ndili pakamtsinje."

"Mwana ali moyo?"

"M'mawa uno wadya chule."

Anapitiriza ulendo wake. Maclean anasamukira pamwala wina, chakumanzere pang'ono, pomwe ankatha kuona njira komanso mbali ina ya mtengo. Tsiku lomwelo anaona mayi wa mwanayo akukwera kuseriko ndi nkhono kukamwa.

Kunyowa kwa masiku amenewo kunamudwalitsa. Anagona masiku anayi ndi malungo, ndipo Simioni ndi mnzake ankasinthana pamwalapo akapeza mpata. Rose anamuletsa kubwerera msanga, koma tsiku lachisanu anamupeza akupopa tayala la njinga, ndipo anangomuikira mankhwala ndi chakudya m'chikwama.

Kumayambiriro kwa Malichi mwanayo anayamba kuonekera pakhomo pa mphako, mutu wonse uli kunja. Anali wamkulu pafupifupi ngati makolo ake, koma nthenga zake zinali zofiirira ngati dothi, ndipo pakhosi panali potuwa m'malo mofiira. Akuluakulu anayamba kuchepetsa chakudya. Ankafika nacho pansi pa mtengo n'kumayendayenda, mwana akulira pamwamba.

Mmene mwanayo anatulukira mu mphako Maclean sanaone. Lachitatu lina anafika mochedwa chifukwa lole inagwa pazitunda n'kutseka msewu, ndipo pomwe ankakhala pamwala dzuwa linali litakwera kale. Anayang'ana pamphako kwa ola lathunthu osaona kanthu. Kenaka anatembenuzira magalasi kudambo. Anang'omba ankayenda m'udzu motalikirana monga mwa masiku onse. Anawawerenga kawiri. Anali asanu. Wachisanuyo ankatsalira m'mbuyo, akupunthwa, n'kumathamangira aliyense yemwe watola kanthu.

Anatulutsa kamera, najambula ali pamwala pomwepo. Mtunda unali wautali, udzu unali utakula, ndipo pazithunzi zonse mbalamezo zinkaoneka ngati timadontho takuda. Pa chimodzi chokha ndi pomwe munthu akanatha kusiyanitsa mwanayo ndi akuluakulu. Anaimbira Simioni, kenaka Malita, kenaka Rose, yemwe anali m'kalasi ndipo sanayankhe.

Malita anadikira masiku ena asanu kuti banjalo lisunthire kutali ndi mtengo, kenaka anatsegula chigawo chonse. Analamula kuti njira yachidule ija itsekedwe ndi mitengo yaminga, ndipo anapempha Maclean kuti amusiyire kabuku kake akopere masiku ndi nthawi zomwe mwana ankadya. Anati zolemba zotere ofesi yake inalibe. Za chaka chamawa anati palibe angadziwe. Mbalamezo zikhoza kudzabwerera mu mkuyu womwewo patapita zaka, kapena osadzabwereranso chifukwa cha nthambi ija.

Ajira anapita kumalo ake tsiku lomwe anatsegula. Mvula inali itayamba kuchepa ndipo nyengo ya bowa inali kumapeto. Anapeza utale wowerengeka, wambiri utaola kale.

Lamlungu lotsatira, atatuluka m'tchalitchi, Maclean ndi Rose anakwera njinga kupita kumudzi kwa Ajira. Rose ndiye anaumirira kuti nkhani yotere siithera pamsewu, munthu amafika pakhomo. Ananyamula shuga, sopo ndi nsomba zouma za ku Mangochi. Anamupeza akusenda chimanga chachiwisi choyamba cha m'munda mwake. Anawayalira mkeka pakhonde, nawapatsa madzi akumwa. Rose ndiye anayankhula kwambiri, mayi kwa mayi mnzake, ndipo katunduyo anamupereka monga mphatso ya mlendo wofika pakhomo koyamba. Ajira analandira ndi manja awiri, nathokoza.

Maclean anapepesanso, mwachidule. Ajira anati wamva. Anati chaka chino chinali chovuta, ana anagonapo ndi njala masiku ena, koma chadutsa. Anawonjezera kuti malo ake tsopano akudziwika ndi mudzi wonse, ndiye chaka chamawa adzayenera kuyenda mtunda wautali kukafuna ena. Ananena izi ngati munthu wofotokoza za nyengo.

Kenaka anafunsa ngati mwana uja anamujambula atatuluka. Maclean anatulutsa kamera, napeza chithunzi chimodzi chija, nachikulitsa mpaka pomwe chikanathera. Ajira anapukuta manja pachitenje, nagwira kamerayo mosamala, naiyandikitsa kumaso. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Waonda," anatero. "Koma miyendo ndi yolimba."

Anabweza kamera, nalowa m'nyumba kukatenga mbale. Anawotcha chimanga chinayi pamakala, ndipo anadya atatuwo akukamba za msewu wa kuzitunda ndi za mdzukulu wake wamkulu, yemwe ankayembekezera mayeso a Sitandade 8. Rose analonjeza kumutumizira mapepala a mayeso akale. Mitambo itayamba kusonkhana cha ku Chiponde anatsanzika, ndipo Ajira anawaperekeza mpaka pamsewu.